Che Twaibu ndi Chinyama cha Asiyatu

Che Twaibu anamwalira Lachiwiri m'mawa, ndipo dzuwa lisanalowe anali ataikidwa kale kumanda a ku Chunga. Anzathu Achisilamu sagoneka maliro. Ine tsikulo ndinalawirira pamzere wa ufa, kuponi yanga nditaimanga pansonga ya chitenje, ndipo pobwerera madzulo ndinapeza amuna akusamba m'manja pakhomo pawo, atachokera kale kumanda. Munthu amene ndakhala naye khomo ndi khomo kuno ku Kanyama chiyambire ndili mkazi wongolowa kumene m'banja, munthu amene ndakangana naye kuposa mwamuna wanga yemwe, ndinalephera ngakhale kuona thupi lake likutuluka m'nyumba. Ufawo sindinaupezenso. Zikundiwawa mpaka lero, ndipo poti palibe nyuzipepala imene idzalembe za iwo, ndati ndilembe ine.

Anali Myao wa ku Nyasalande. Dzikolo linasintha dzina iwo ali kuno, ndipo latsopanolo sanalizolowere mpaka kufa. Anali wamfupi, wa miyendo yamatewe, nsidze analibe chifukwa moto unazidya kalekale, ndipo kachisoti kawo ka kumzikiti kankayera Lachisanu lokha. Ana a m'komboni ankawatcha ba Mapompi. Ankayenda ndi thumba kumsana kuchokera kuno mpaka ku Matero ndi ku George, khadi la chipani litabisidwa m'kachisoti kaja poti popanda ilo mumsika sukanalowa, kufunsa khomo ndi khomo ngati pali pompi yakufa, loko wothyoka, pulayimasi yobooka, chilichonse cha mkuwa. Akachipeza ankachigogoda ndi msomali n'kuchiika kukhutu. Cholira bwino chinkalowa m'thumba. Cholira mogontha ankakubwezera ndi manja awiri, n'kukuthokozanso.

Chimene chinkawadyetsa ndi kusungunula mkuwawo kuseri kwa nyumba n'kupanga timphete ta m'zigayo timene amati mabushi, miyala ya sikelo ndi zogwirira zitseko. Ntchitoyi anaiphunzira pafakitale ina ya azungu nthawi ya Chitaganya, ndipo anachotsedwa ufulu utabwera, pamene anthu anayamba kufunsana kuti iwe unabadwira kuti. Sanadandaule pagulu. Anakumba dzenje, anamangirira gudumu la njinga ku chitini chopemerera moto, n'kuyamba paokha. Koma za mabushi a zigayo palibe amene akuzikumbukira. Mukafunsa munthu aliyense amene anakulira mbali ino ya Kanyama, adzakuuzani za Loweruka.

Loweruka m'mawa ankaika pabwalo beseni la madzi ofunda, m'kati muli phula la njuchi limene ankagula kwa ogulitsa uchi. Ana ankabwera okha osaitanidwa, ena osasamba n'komwe, ena atabereka azing'ono awo. Aliyense ankapatsidwa kachidutswa ka phula kuti aumbe nyama imene akufuna. Lamulo linali limodzi, ndipo linali lomanga iwo eni, osati ana: chimene mwana waumba sankachikonza. Ndiye kunkatuluka zinthu zoti ukaziona m'maloto ungadzuke n'kupemphera. Njovu ya mapiko a nkhuku. Nsomba yovala nsapato. Galu wa michira iwiri, ati chifukwa wakondwa kwambiri, umodzi sungakwanire. Fulu wa chumuni pamsana, poti nyumba yopanda potulukira utsi imatsokomoletsa. Mwana wanga woyamba, Joisi, anaumba mbuzi ya miyendo isanu, ndipo ine pakamwa panga sipakhala chete.

"Ba Twaibu, imwe munthu mukulu, simungamuuze mwana kuti mbuzi ili na mendo folo?"

"Amake Joisi, mwamufunsa mwini wake?"

Ndinamufunsa. Joisi anandiyang'ana ngati ndine chitsiru. "Uyu ni wa sipeya, amama. Wina ukalema."

Che Twaibu anaseka mpaka kutsokomola. Ankakonda kunena kuti munthu wamkulu amadziwa zambiri za mbuzi, n'chifukwa chake mbuzi imene waumba imatuluka yakufa kale, pamene mwana amaika miyendo mpaka mtima wake utakhuta. Ine ndinkawayankha kuti ndi nzeru za munthu wosowa chochita, ndipo ankavomera.

Nyama ikawaseketsa, imeneyo ndiyo inkapita kumoto. Zina zinkabwerera m'beseni, eni ake akulira, iwo akuwatonthoza ndi nzimbe, chifukwa mkuwa unali wosowa ndipo sukanakwanira onse. Yosankhidwayo ankaimata dothi la pachulu losakaniza ndi ndowe ndi makala opera, n'kusiya kabowo kamodzi. Ikauma ankaiika pamoto, phula n'kusungunuka n'kutulukira pakabowo paja, m'kati n'kutsala mphako yofanana ndi nyamayo. M'mphakomo ndimo ankathira mkuwa wamadzi. Ukazizira ankaswa dothi ndi kanyundo, nyama n'kutuluka, zidindo za zala za mwana zikuonekabe pamsana pake, ndipo mwanayo ankaitenga kupita nayo kwawo. Apa mumvetse bwino, chifukwa mpamene pagona nkhani yonse. Phula likapita lapita, dothi likasweka lasweka. Mkuwa ukakana kulowa bwino, palibe chobwereza. Ankati moto sumva pepani. Ankatinso dothi lomata lisanenepe kuposa chala, chifukwa lonenepa limabisa chinyezi m'kati, ndipo chinyezi ndi mkuwa wotentha sizionana.

Ine ndinkakangana nawo pa zazing'ono: utsi wodetsa matewera pachingwe, ndi pulayimasi yanga imene ana anga anaipereka kwa iwo isanafe. Anandibwezera, koma itasanduka kale mchira wa ng'ona. Mkangano weniweni unali ndi mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, amene ankaphunzitsa ana kumzikiti, ndipo tonse tinkangowatcha a Mwalimu. Iwowa zifanizo za zamoyo sankazifuna.

"Tsiku lomaliza mudzauzidwa kuti muziuzire mpweya zimenezi, alamu. Mudzatani?"

"Alamu, choletsedwa ndi kutsanzira zolengedwa za Mulungu. Tandionetsani m'tchire fulu wa chumuni, ndisiya lero lomwe."

A Mwalimu sanaseke. Anakhala zaka osadya m'nyumba imeneyo, ngakhale pa Idi, ndipo Che Twaibu zinkawapweteka ngakhale sankanena.

Kunabweranso mayi wina wachizungu pagalimoto imene inatitimira m'matope a pamsewu wathu. Iyeyu anagwa nazo m'chikondi nyamazo, ati kunja uko akatswiri a luso lamakono amavutika zaka kuti apange zotere. Anapempha kuti akazionetse m'nyumba ina ya zithunzi m'tauni, ndiponso kuti Che Twaibu alembe dzina lawo pansi pa iliyonse. Dzinalo anakana, anati iwo ndi wophika chabe. Anamutuma kwa amayi a anawo, ena anabwereketsa, ena anakana. Tsiku lachionetsero anavala kanzu yatsopano n'kupita wapansi. Anabwerako atakwinya nkhope. Anati anapeza fulu uja ali yekha pamwamba pa bokosi loyera mbee, atamuzingira chingwe kuti anthu asamukhudze, fulu amene kuno ana ankamukoka ndi ulusi m'fumbi. Sanapitenso, ndipo mayi uja atabweza nyamazo nkhani inathera pomwepo.

Koma m'nyumba mwawo munali chinthu china chimene sichinapite kuchionetsero. Ukalowa, pamwamba pa khomo la kuchipinda, pankalendewera chibulumwa cha dothi chomangidwa ndi waya ku mtanda wa denga. Alendo ankayesa ndi mankhwala otetezera nyumba, kapena chisa cha mavu. Ife akale tinkadziwa kuti m'katimo muli nyama ya phula imene anaumba Asiyatu, mwana wawo amene anamwalira, ndipo inali isanapite kumoto.

Chaka chimene madzi anasefukira Kanyama yense, nyumba zikugwa, ndinawaona m'mawa akudutsa m'madzi ofika m'chiuno. Anthu ananyamula matiresi, mawailesi, nkhuku, ana. Che Twaibu anasenza chibulumwa chija pamutu, atachikulunga m'kanzu yawo, manja onse awiri m'mwamba. Pambuyo pawo pankabwera akazi awo, Abiti Saidi, mapoto ali pamutu, akukalipa kuti komboni yonse imve.

"Makina osokera mwawasiya, bulangete mwalisiya, mwanyamula dothi!"

Akukalipa choncho mvula inayambiranso. Ndinaona Abiti Saidi akutaya mapoto m'madzi, kuvula chitenje chawo chapamwamba n'kuchifunditsa pa chibulumwacho. Anayenda awiriwo mpaka kumtunda, mkazi atagwirira chitenje, akukalipabe.

Asiyatu anali wotsiriza, mtsikana yekhayo pambuyo pa anyamata awiri amene anali atakula kale. Anali msinkhu umodzi ndi Joisi wanga. Nthawi imeneyo dzanja lake likadutsa pamutu linali lisanafike kukhutu, ndiye sukulu anali asanayambe. Loweruka limene anaumba nyamayo linali la mwezi wa Okutobala, kutentha koti phula linkafewa lokha m'manja. Amayi ake anali kumsika, kumene ankagulitsa samusa. Mwanayo anaumba nthawi yaitali atafulatira anzake, kenaka anakapereka kwa atate ake atachibisa m'manja. Ine ndinali pakhomo panga ndikusenda mbatata. Ndinaona Che Twaibu akutsegula timanja tija, kuyang'ana, ndi kuseka mpaka kukhala pansi m'fumbi. Kuseka kwake ndinakumva, koma chinthucho sindinachione. Masana omwewo anachimata dothi, poopa kuti dzuwa lingachigwetse khosi.

Amayi ake pobwera kumsika anamva kuti amene wasankhidwa lero ndi Asiyatu, chinthu chimene chinali chisanachitikepo, chifukwa bamboyo ankaopa kuti anthu angati akukondera. Anati, "Ndione." Mwanayo, thupi litayamba kale kutentha, anati, "Muzachiona chikachoka pa moto, amama." Chinali chikuku. Chaka chimenecho chinalowa nyumba zambiri, Joisi nayenso chinamugwira koma anadzuka. Asiyatu anapita naye kuchipatala chachikulu, ndipo Loweruka lotsatira linafika iye kulibe.

Kuyambira pamenepo banja limenelo linali ndi mkangano umodzi wokha, ndipo makoma a kuno ndi opyapyala. Abiti Saidi ankafuna kuti chinthucho chipite kumoto, aone chimene mwana wawo anawalonjeza. Che Twaibu ankaopa. Ankadziwa kuti pa nyama zimene ankathira, zina zinkatuluka zopanda mutu, zina zinkatsala m'njira, ndipo mwana ankangopatsidwa phula lina Loweruka lotsatira. Apa panalibe Loweruka lotsatira.

"Analonjeza ine, osati inu. Inu munaona kale."

"Nanga chikakanika?"

"Nanga panopa chatheka? Ndikuona chiyani ine? Dothi."

Ine sindinkadziwa kuti ndiime mbali ya yani, ndipo mpaka lero sindikudziwa. Ndikapita kwa mkazi ndinkalira naye. Ndikaona mwamuna akutsitsa chibulumwacho mvula ikatha, akuchitembenuza padzuwa kufunafuna ming'alu, mtima unkandisweka. Akapeza kamng'alu kakang'ono ankakanda dothi latsopano n'kumata chonse, osati pamng'alu pokha. Chaka chotsatira chimodzimodzi. Madzi aja atasefukira anamata kawiri. Chinthu chimene poyamba chinali ngati lalanje chinafika pofanana ndi dzungu. Ameneyu ndi munthu yemwe uja wa lamulo la chala. Ankadziwa kuti akulakwitsa, koma manja awo sankalola kuti chibwerere kudenga chili ndi mng'alu.

M'malo moti athire mkuwa, ankawafotokozera akazi awo. Zaka zoyamba ankati chinali ndi khosi lalitali, makutu a nkhumba, miyendo isanu ndi umodzi, ndi kamwana kake kokwera pamsana. Abiti Saidi ankamvetsera ngati akumva uthenga wochokera kumudzi, ndipo ankasunga mawu aliwonse. Ndiye patapita zaka anayamba kuwagwira.

"Chaka chatha munati chilibe mapiko."

"Ndinatero?"

"Munatero. Ndipo kamwana kanali pamsana, lero mwakaika pamutu."

Tsiku lina ndinawapeza Che Twaibu pampanda wathu wa minga, atagwira tupa m'manja koma osapala kanthu. Anandiitana motsitsa mawu.

"Amake Joisi, chikundithawa. Ndikatseka maso ndikuona za ana ena. Njovu ija ikubwera, galu uja akubwera. Chake chokha sichikubwera."

Ndinangoti, "Pepani, ba Twaibu," ngati munthu wapunthwa.

Chimene chinawagonjetsa si mkangano, ndi maso a Abiti Saidi. Ng'ala inayamba diso lamanja, kenaka n'kulowa linalo. Anasiya kumsika chifukwa ankabwezera anthu molakwika. M'mawa wina, popanda kukalipa, anangoti, "Bambo ake Asiyatu, maso akutha. Mukachedwa mudzathira ine ndisakuonanso." Mawu amenewa ndinawamva ndekha ndikusesa. Mawa lake mwamunayo anatulutsa kathumba kamene anakasunga zaka zonsezo, ka mkuwa wabwino kwambiri, wa mabushi a sitima, umene ankati umayenda m'dothi ngati mafuta.

Anasankha Loweruka la nyengo ya mphepo, kumwamba kopanda mtambo. Ana anauzidwa kuti asabwere, ndiye anadzaza pampanda ndi mumtengo wa mapeyala. Amene sitinkawayembekezera ndi a Mwalimu. Anabwera atakalamba, ndodo m'manja, sanalonjere bwino aliyense, anangokhala pa chitini n'kugwira gudumu la njinga lija n'kuyamba kupukusa. Asiyatu anali mwana wa mlongo wawo. Za tsiku lomaliza sanatchule.

Chibulumwacho chinakhala pa makala kuyambira m'mawa, kabowo katayang'ana pansi. Patapita nthawi yaitali phula linayamba kudontha, fungo la uchi n'kudzaza bwalo. Abiti Saidi anagwada n'kutchera chivindikiro cha poto kuti madonthowo asagwere m'phulusa. Tonse tinadziwa kuti tsopano kubwerera kulibe. Koma ine ndinkayang'ana nkhope ya Che Twaibu, ndipo sinali bwino. Phula linatuluka lochepa, n'kusiya. Anawonjezera makala. Dothi lakunja linayamba kung'aluka ndi kusendeka, la chaka china kusiyana ndi la chaka china, ngati masamba a kabichi. Kunja kunali kutapsa, m'kati moto usanafike. Akapitiriza kuwotcha, chonse chikanaphwasuka. Akathira pomwepo, m'kati munali chinyezi ndi phula lotsalira. Anaima pakati pa ziwirizo, chopanira chili m'manja, mkuwa ukuwira m'kamphika, wofiira psuu.

"Alamu?" anatero a Mwalimu.

"Pukusani."

Anachotsa chibulumwacho pamoto, anachiimika mumchenga kabowo kali m'mwamba, anatchula dzina la Mulungu, ananyamula kamphika n'kupendeketsa. Manja sananjenjemere, zimenezo ndikuchitira umboni. Mkuwa unalowa bwinobwino kanthawi kochepa. Kenaka kunamveka phuu! Dothi linagawanika, mkuwa unathovokera m'mwamba n'kugwa ngati matalala pamalata, pamchenga, paphazi lawo. Ana mumtengo anakuwa.

Phazi linali likupsa koma sanaliyang'ane. Anagwada n'kuyamba kufukula mchenga ndi chopanira. A Mwalimu anawathira madzi paphazipo, iwo osamva. Zimene anapeza ndi timadontho ndi tizidutswa topanda mutu kapena mchira. Dothi lam'kati, limene likanasunga mphako ija, linali litasanduka fumbi. Panali kachidutswa kamodzi kokulirapo, kopyapyala, kopindika kumapeto. Katazizira anakaika m'manja mwa akazi awo. Abiti Saidi anakabweretsa pafupi ndi diso limene linkaonabe pang'ono, anakatembenuza, anakasisita ndi chala.

"Ili ndi khutu?"

Che Twaibu anakayang'ana nthawi yaitali.

"Kapena phiko?"

"Sindikudziwa," anatero.

Palibe amene analira mokweza. Ine ndinalowa m'nyumba mwanga n'kukhala pabedi, manja ali pamiyendo, osadziwa kuti ndipite kukathandiza chiyani. Ndakhala pamaliro ambiri m'komboni muno, ndimadziwa kuphikira anamfedwa, ndimadziwa kusambitsa, ndimadziwa nyimbo. Za tsiku limenelo panalibe mwambo wake.

Che Twaibu anakhalabe ndi moyo zaka zingapo, akutsimphina. Mabushi a zigayo anapitiriza kupanga, poti m'mimba simudikira. Beseni la Loweruka linatulukabe kwa kanthawi, ana ankaumba, iwo ankaseka pang'ono, koma palibe nyama imene inapitanso kumoto. Ukawafunsa ankati makala adula. Kenaka beseni linasiya kutuluka, ndipo ana anapeza kwina kosewera. Kamodzi ndinawaona masana atakhala kuseri, akuumba okha phula, chinthu chimene ndinali ndisanawaonepo akuchita. Ankayesa kubwezeretsa chinyama cha Asiyatu chija. Chimene chinatuluka chinali kanyama kabwinobwino, ka miyendo inayi yofanana, maso awiri pamalo pake. Anakayang'ana, anakafinya m'chikhatho, n'kukapukutira manja pa thalauza.

Chodabwitsa n'chakuti mkangano m'nyumbamo unatha. Abiti Saidi sanawanenepo kuti mwachedwa, kapena kuti mwamata dothi lambiri, ngakhale tonse tinkadziwa. Maso atatheratu, mwamunayo ndiye ankawagwira dzanja kupita nawo kuchimbudzi ndi kukhala nawo padzuwa. A Mwalimu anayambanso kudya pakhomopo, ndipo Lachiwiri lija ndiwo anasambitsa thupi.

Masiku a kulira atatha, mwana wawo wamkulu anabwera kudzatenga amayi ake kuti akakhale nawo ku Mangochi. Joisi, amene tsopano ali pabanja ku Kabanana, anabwera kudzatsanzika. Tinakhala pamkeka atatu, katundu atamangidwa kale. Abiti Saidi anafufuza dzanja la Joisi n'kuligwira.

"Mwanangu, tsiku lija unakhala naye pafupi, eti? Iwe ndi iye simunkasiyana."

"Ee, ambuya, tinali pamodzi."

"Unachiona?"

Joisi anandiyang'ana. Ndinadziwa chimene ankandifunsa ndi maso, ngati anene bodza, apeke khosi ndi mapiko kuti mayiyo apite ndi kanthu. Ine ndinayang'ana pansi. Mayi amene anagwira mwamuna wake pa kamwana kosuntha kuchoka pamsana kupita pamutu sakananamizidwa ndi Joisi.

"Ambuya, ninali bize na yanga," anatero Joisi. "Sininayang'ane."

"Inde," anatero Abiti Saidi. "Munali ana." Anamusisita dzanja, ngati wofunika kutonthozedwa ndi Joisiyo. Mawa lake anakwera basi.

Nyumbayo anaigula bambo wina wa ku Kopala, akuti adzagwetsa n'kumanga zipinda za lendi, koma simenti ikusowa ndiye sanayambe. Malata anachotsa kale, zitseko anachotsa. Ukaima pakhomo panga umaona m'kati monse mpaka kuchipinda, ndipo m'mene munali bedi mwamera bonongwe. Kuseri khoma lidakali lakuda bii mpaka pamwamba. Dzenje lija ladzaza zinyalala za anthu odutsa. Mvula ikagwa n'kukokolola mchenga wa pabwalo, timadontho ta mkuwa timatulukira pamwamba, titabiriwira ndi dzimbiri. Ana a masiku ano, amene anawadziwa Che Twaibu ngati nkhalamba yotsimphina basi, amatitola n'kumakangana kuti n'chiyani. Ena amati ndi mano a njoka, ena amati zinagwa m'ndege. Dzulo kamtsikana kena ka kuseri kwa msika kanandibweretsera kamodzi pakhomo, kali m'chikhatho.

"Ambuya, onani. Ni chala cha chinyama."

Ndinasiya mbale zimene ndinkatsuka. Ndinakafunsa kuti chinyama chanji, chooneka bwanji, chili ndi mapiko kapena ayi. Kanangoseka, kanafumbata dzanja, n'kuthamangira anzake.